Pangano la ku Geneva, Fumbi la ku Zvishavane

(NYIMBO YOTSEGULIRA, IKWERE KENAKO ITSIKE)

WOULUTSA: Moni omvera athu kulikonse kumene muli, ku Mbizo ndi ku Amaveni ku Kwekwe, ku Torwood ndi ku Rutendo ku Redcliff, ku Makusha ku Shurugwi, ku Maglas ndi ku Mandava ku Zvishavane, osaiwala inu a ku Mberengwa ndi ku Mvuma. Takulandirani ku pulogalamu yathu ya maphunziro ya m'Chichewa. Nkhani ya lero ena poimva anena kuti ndi ya anthu a mataye ku Harare. Tikukamba za mmene Nyumba ya Malamulo imaunikira mapangano a mayiko okhudza kafukufuku ndi luso latsopano. Ndili ndi aphunzitsi athu amene anakulira m'komboni ya pamgodi, ndipo aphunzitsa sayansi ku sekondale mpaka kupuma ntchito. Takulandirani aphunzitsi.

APHUNZITSI: Zikomo mayi. Moni nonse amene mukumvetsera.

WOULUTSA: Ndikufunseni m'malo mwa mnyamata amene wangotuluka kumene m'dzenje, matope ali mpaka m'makutu. Pangano losainidwa ku Japan kapena ku Geneva likumukhudza pati iyeyu?

APHUNZITSI: Mpisireni m'thumba mnyamatayo, mupezamo kabotolo kakang'ono, kolemera kuposa maonekedwe ake. Muli mekyule. Mwala ukaperedwa pachigayo, amathira mekyuleyo kuti agwire golide. Ziwirizo zimagwirana n'kukhala kampira kotuwa, kofewa. Amakafinya m'kansalu, kenako amakaika pa supuni kapena pa chivundikiro cha chitini n'kukawotcha. Mekyule amauluka, golide n'kutsala. Nthunzi yakeyo ilibe fungo, ilibe mtundu. Wowotchayo amaipuma, ndipo akawotchera pambaula m'nyumba, mkazi ndi ana amapuma nawo. Pakapita zaka manja amayamba kunjenjemera, munthu amaiwalaiwala, impso zimafooka. Mayi woyembekezera akapuma nthunzi imeneyi, ubongo wa mwana wosabadwayo ndi umene umavulala kwambiri. Mekyule wotayikira m'madzi amalowa m'matope a Sebakwe kapena a Runde, n'kukathera mu nsomba.

Tsono dziko lonse linaphunzira kuopsa kwa zimenezi pa tauni ya Minamata ku Japan. Fakitale ya Chisso inkataya madzi a mekyule m'nyanja. Amphaka odya nsomba anayamba kupenga, kuzungulirazungulira mpaka kugwera m'madzi, kenako anthu nawo anayamba kudwala. Matendawo anadziwika mwalamulo mu 1956. Panapita zaka zambiri kuti mayiko agwirizane, koma mu October 2013 anakhazikitsa Pangano la Minamata, ndipo linayamba kugwira ntchito mu August 2017. Zimbabwe inasaina mu 2013 momwemo, koma inamaliza kulivomereza mu August 2021.

WOULUTSA: Kusaina ndi kuvomereza si chimodzimodzi?

APHUNZITSI: Ayi mayi, ndipo apa ndi pamene aphungu amalowera. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013, gawo 327, amati pangano limene Pulezidenti kapena nthumwi yake yasaina ndi mayiko ena silimanga Zimbabwe kufikira Nyumba ya Malamulo italivomereza. Gawo lomwelo limanenanso kuti ngakhale livomerezedwe, silikhala lamulo la m'dziko muno mpaka aphungu atakhazikitsa lamulo lolilowetsa. Ndiye pali makomo awiri, ndipo makiyi ake onse ali ku Mount Hampden, kumene kuli nyumba yatsopano ija inamangidwa ndi China. Kuli aphungu 280 m'nyumba yaing'ono ndi maseneta 80. Mu 2020 anawonjezera lamulo lina la mapangano a mayiko, lofuna kuti pangano liziunikidwa kaye ndi komiti ya akatswiri m'boma, ndiponso kuti lizisindikizidwa kuti anthu aliwerenge.

Papepala zili bwino ndithu. Vuto ndi nthawi imene aphungu amaitanidwira. Pangano likafika m'Nyumba limakhala litaphikidwa kale, mayiko oposa 100 atagwirizana mawu ake onse. Phungu wa ku Shurugwi sangasinthemo ngakhale kadontho. Iye anganene eya kapena ayi basi. Ali ngati nkhoswe yoitanidwa ukwati utamangidwa kale, yongobwera kudzaombera m'manja.

WOULUTSA: Koma zaka 8 zija, kuchokera 2013 mpaka 2021, sindiye kuti ankaunika mofatsa?

APHUNZITSI: Kuchedwa pakokha si umboni wa kuunika. Umboni wake ndi mafunso amene anafunsidwa ndi mayankho amene anafika pachigayo. Taonani zimene pangano la Minamata likunena. Silikuletsa makorokoza, okumba ang'onoang'ono aja, kukumba golide. Likuti dziko limene lili ndi okumba ang'onoang'ono ambiri likonze ndondomeko yochepetsera mekyule, ndipo likutchula machitidwe oipitsitsa oyenera kuthetsedwa: kuthira mekyule pa mwala wonse osayamba wausefa, kuwotchera poyera, kuwotchera m'malo okhala anthu, ndi kuthira sayanaidi pa mchenga umene muli kale mekyule. Aliyense amene anafikako ku zigayo za kuno wazindikira kuti zinayi zonsezi wazionapo ndi maso.

Chomalizacho ndifotokoze pang'ono, chifukwa ndi pamene pali ndalama. Mnyamata amabweretsa mwala wake kuchigayo cha munthu wina. Amatenga golide amene mekyule wagwira n'kumapita akusangalala. Mchenga umatsala kwa mwini chigayo, amene amauika m'matanki a sayanaidi n'kutulutsa golide wotsalayo, ndipo kawirikawiri wotsalayo ndiye wochuluka. Ndiye mekyule ndi woipa kawiri: amadwalitsa, komanso amagwira golide wochepa. Zimenezi akafukufuku anaziona kalekale. Pakati pa 2002 ndi 2007 bungwe la UNIDO linali ndi ntchito yotchedwa Global Mercury Project, ndipo m'dziko muno anasankha dera la Kadoma ndi Chakari, pafupi pomwepa kumpoto kwa Kwekwe. Anayeza mikodzo, magazi ndi tsitsi la okumba, napeza mekyule wambiri, makamaka mwa owotcha aja. Anaphunzitsanso anthu kachipangizo kotchedwa retoti, kotsekera kampira kaja mkati kuti nthunzi izizire n'kubwerera kukhala mekyule wogwiritsanso ntchito.

WOULUTSA: Ndiye yankho linapezeka.

APHUNZITSI: Linapezeka m'labotale. Pitani lero mukawerenge maretoti amene akugwira ntchito. Okumba ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zopusa. Retoti yachitsulo ikatsekedwa golide saoneka, pamene anthu amene akumba pamodzi sabata yathunthu aliyense amafuna diso lake likhale pa kampirako. Imachedwa, imafuna moto wambiri, ndipo nthawi zina golide amatuluka wakuda, wogula n'kuyamba kutsitsa mtengo. Munthu amene akuthawa apolisi sangakhale pansi kudikira chitsulo chizizire.

Ndiye phungu wanzeru, nduna ikabwera ndi pangano kapena ndi ntchito ina ya thandizo lochokera kunja, asangofunsa kuti ndalama zake ndi zingati. Afunse kuti kafukufuku wakale uja anathera pati, ndipo chinalephereka n'chiyani. Afunse kuti makina atsopanowo, kaya ndi matebulo ogwedeza mchenga, kaya ndi ozunguza, adzakonzedwa ndi yani akawonongeka, ndipo zitsulo zake zimapezeka ku Kwekwe kapena mpaka kuitanitsa kunja. Kwekwe ndi tauni ya zitsulo, amisiri owotcherera ali mbwee, ndipo kuli koleji ya ntchito zamanja. Musaiwale kuti m'zaka zaposachedwazi golide woposa theka amene amafika ku Fidelity, kumene boma limagulira golide, amachokera kwa okumba ang'onoang'ono omwewa. Boma limadya za m'manja mwawo, choncho manja amenewo akamanjenjemera ndi nkhani ya Nyumba ya Malamulo.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za aphungu ndi mapangano a sayansi. Aphunzitsi, tiyeni tipite kumwera, ku Zvishavane. Kumeneko nkhani ndi ina.

APHUNZITSI: Ndi ina, ndipo ndi yowawa kuikamba chifukwa tauni yonse inamangidwa pa asibesitosi. Mgodi wa Shabanie, pamodzi ndi wa Gaths ku Mashava, unali wa kampani ya ku Britain ya Turner & Newall, mpaka mu 1996 pamene unagulidwa ndi kampani ya Mutumwa Mawere. Mu 2004 boma linaulanda n'kuuika m'manja mwa woyang'anira, ndipo pofika cha m'ma 2010 ntchito yokumba inali itaima, madzi n'kudzaza pansi. Anthu masauzande anatsala opanda malipiro. Mapiri otuwa a zotsalira za mgodi akadalipo, mphepo ya mu August ikaomba mumaona fumbi likupita kumakomboni.

Tsono pali pangano lina, la Rotterdam, la 1998, limene linayamba kugwira ntchito mu 2004. Ili ndi la mankhwala ndi zinthu zoopsa zogulitsana pakati pa mayiko. Lili ndi mndandanda, ndipo chinthu chikalowa pamndandandawo, wogulitsa amayenera kudziwitsa dziko logula za kuopsa kwake, ndipo dzikolo livomere kaye katunduyo asanatumizidwe. Komiti ya asayansi ya panganoli inalangiza kuti asibesitosi woyera, mtundu wa chrysotile umene unkakumbidwa ku Shabanie, alowe pamndandanda. Nkhaniyi yakhala ikubwera ku misonkhano kuyambira 2006, koma imafuna kuti mayiko onse agwirizane, ndipo nthawi zonse pamapezeka okana. Ku msonkhano wa ku Geneva mu 2013, Zimbabwe inaima pamodzi ndi Russia, Kazakhstan, India ndi ena ochepa kukana.

WOULUTSA: Koma aphunzitsi, anthu a ku Maglas akumva zimenezi anena kuti boma linachita bwino. Iwo akufuna mgodi utsegulidwe, ana awo apeze ntchito. Malata a asibesitosi ndi amene afolera nyumba zambiri m'malokeshoni, mapaipi a madzi ndi omwewo. Azungu anagwiritsa ntchito mpaka kulemera, lero akuti ndi poizoni.

APHUNZITSI: Mawu amenewo ndimawamva, ndipo sindiwapeputsa. Njala ya ku Zvishavane mgodi utatsekedwa inali yeniyeni. Amene amateteza chrysotile amanena kuti ndi wofatsa poyerekeza ndi asibesitosi wabuluu ndi wofiirira amene ankakumbidwa ku South Africa, ndipo akhoza kugwiritsidwa ntchito mosamala. Koma bungwe la WHO ndi nthambi yake yofufuza za khansa amanena momveka kuti mitundu yonse ya asibesitosi imayambitsa khansa ya m'mapapo ndi ina yotchedwa mesothelioma, kuwonjezera pa kuuma kwa mapapo. Matendawa sabwera msanga. Amatha kudikira zaka 20, 30, ngakhale 40.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife olankhula Chichewa kuposa ena. Ndani ankalowa pansi ndi kugwira ntchito m'chigayo cha fumbi ku Shabanie m'zaka za atsamunda? Ambiri anali agogo athu ochokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson imene lero ndi Chipata, ndi ku Tete, ena obwera ndi bungwe lolemba antchito la Mthandizi, ena oyenda pansi. Munthu akayamba kutsokomola ankapatsidwa zake n'kubwerera kumudzi. Akamwalira ku Dedza kapena ku Ntcheu patapita zaka 15, achibale ankati ndi chifuwa chachikulu kapena kulodzedwa, ndipo m'mabuku a pamgodi munalibe dzina lake. Wolemba mbiri wa ku Australia, Jock McCulloch, anafufuza za migodi ya asibesitosi ya kum'mwera kwa Africa kuno, ndipo anaonetsa mmene kudalira antchito obwera ndi kupita kunabisira matenda. Komanso si zoona kuti kuno kunalibe kafukufuku. Mu 1991 madokotala Mark Cullen ndi Rabelan Baloyi anasindikiza zimene anapeza pakati pa ogwira ntchito ku migodi imeneyi, ndipo matenda a asibesitosi anawapezadi.

Ndiye funso langa si lakuti mgodi utsegulidwe kapena ayi. Funso ndi lakuti, nthumwi zathu zisanakwere ndege kupita ku Geneva kukakana, zinakhala pansi ndi yani? Gawo 327 lija limakamba za kuvomereza pangano. Silikamba za zimene nthumwi zikanene ku misonkhano yotsatira, imene imachitika zaka ziwiri zilizonse, pamene kumeneko ndi kumene zinthu zenizeni zimagamulidwa. Chiganizo chimenecho chimachokera ku boma. Ine kuona kwanga, komiti ya zaumoyo ndi komiti ya zamigodi zinayenera kumakhala pamodzi msonkhano wotere usanachitike, n'kuitana nduna, madokotala a bungwe la boma la NSSA amene amaona za matenda a fumbi, mabungwe a antchito, ndi amasiye a ku Maglas. Akamva onse n'kugamula kuti tikane, chabwino, dziko lakana likudziwa. Ndipo kumbukirani, mndandanda uja suletsa malonda. Umangoti uzani wogula zoona.

WOULUTSA: Kodi kuli mayiko kumene aphungu amafunsa nduna isananyamuke?

APHUNZITSI: Aliko. Ku Denmark, chilowereni dzikolo mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya mu 1973, nduna ikamapita ku Brussels kukagamula nkhani yaikulu imayamba yaonekera ku komiti ya aphungu, n'kufotokoza chimene ikufuna kukavomera ndi pamene ikalekezere. Aphungu ochuluka akatsutsa, ndunayo siingapite ndi maganizo amenewo. Ku Britain nako, dzikolo lisanatuluke mu mgwirizanowo, kunali komiti imene inkawerenga chikalata chilichonse chochokera ku Brussels, kuphatikizapo mapulani a ndalama za kafukufuku, ndipo nduna sinkayenera kuvomera nkhani imene komitiyo ikadaigwira, pokhapokha itapereka chifukwa. Sindikunena kuti kumeneko n'kumwamba. Koma dongosolo lakelo si lodula. Limangofuna kalendala ya misonkhano, ndi tcheyamani wa komiti wosaopa.

WOULUTSA: Wosaopa. Kuno tinakhalapo naye wotero?

APHUNZITSI: Anthu amakumbukira Edward Chindori-Chininga, phungu wa Guruve South, amene anakhalapo nduna ya zamigodi. Pa nthawi ya boma la mgwirizano, 2009 mpaka 2013, anali tcheyamani wa komiti ya zamigodi ndi zamagetsi. Anali wa ZANU-PF, koma komiti yake inkaitana akuluakulu a boma la chipani chake chomwe n'kuwapanikiza ndi mafunso. Inafufuza nkhani ya Shabanie, ndipo mu June 2013 inatulutsa lipoti la dayamondi wa ku Marange, loonetsa kusiyana kwa ndalama zimene makampani ankati apereka ndi zimene zinafika ku thumba la boma. Patangopita masiku ochepa anamwalira pa ngozi ya galimoto. Malire a mphamvu za komiti tinawaonanso mu 2018, pamene komiti ya Temba Mliswa inaitana Robert Mugabe kuti adzafotokoze za madola 15 biliyoni a dayamondi amene iye mwini anati anasowa. Sanabwere, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndipo aphungu eni ake ali ndi ngongole. Lamulo lalikulu la migodi limene tikugwiritsa ntchito linalembedwa mu 1961, nthawi ya Federation. Mu 2018 Nyumba inadutsitsa zosintha, Pulezidenti Mnangagwa anazibweza osasaina, ndipo nkhaniyo inakhala ikuzungulira zaka.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tanena za zinthu zoopsa. Nanga za luso latsopano, zimene timamva pa nkhani, masetilaiti, lithiyamu, Education 5.0?

APHUNZITSI: Tiyambe ndi lonjezo limene atsogoleri a Africa anapanga okha. Mu January 2007 ku Addis Ababa, pa msonkhano wa African Union, anagwirizana kuti dziko lililonse lizipereka 1 peresenti ya chuma chake chapachaka ku kafukufuku. Mu 2008 a SADC anasaina pangano lawo la sayansi ndi luso, ndipo mu 2014 ku Malabo kunabadwa ndondomeko ya zaka 10 yotchedwa STISA-2024. Ngakhale South Africa, imene ili ndi malabotale ochuluka kuposa tonsefe m'chigawo chino, sinafikepo pa 1 peresenti chichitikireni lonjezolo. Amene amadutsitsa bajeti chaka chilichonse ndi aphungu. Ndiye akamadandaula kuti kafukufuku wathu amayendera ndalama za azungu kapena za China, adziyang'anenso okha. Wolipira ndiye amasankha funso lofufuzidwa. Wa kunja angafune kudziwa kuti lithiyamu ali pati ndipo ndi wochuluka bwanji. Kuti mapapo a anyamata oboola miyala mouma ku Kwekwe akutha bwanji ndi fumbi, limenelo ndi funso lathu, ndipo tikapanda kulilipira tokha lidzadikira.

Zabwino zilipo, tisakane. Pansi pa Education 5.0, imene inabwera ndi Pulofesa Amon Murwira ali nduna ya maphunziro apamwamba, mayunivesite anamanga malo oyeserera luso, ndipo Midlands State University ku Gweru ili nawo. Yunivesite yomweyo inatsegula nthambi ku Zvishavane m'nyumba zimene zinali za mgodi wa Shabanie, ophunzira n'kubweretsanso moyo m'tauni. Mu November 2022 setilaiti yoyamba ya dziko lino, ZIMSAT-1, inaulutsidwa. Inapangidwa ndi mainjiniya athu amene anakaphunzira ku Kyushu Institute of Technology ku Japan, mu pulogalamu yomweyo imene Uganda inapangiramo yake. Mu November 2024 yachiwiri inaulutsidwa kuchokera ku Russia. Mapangano otere ali ndi mfundo imodzi imene aphungu ayenera kuiwerenga ndi magalasi: zithunzi ndi zopezeka zonse mwini wake ndani, zimasungidwa kuti, ndipo amaziona koyamba ndani.

WOULUTSA: N'chifukwa chiyani mfundo imeneyo ili yaikulu chotero?

APHUNZITSI: Funsani a ku Torwood. Fakitale ya zitsulo ya Ziscosteel ku Redcliff inazima mu 2008. Mu 2011 boma linasaina ndi kampani ya ku India ya Essar pangano la madola 750 miliyoni, anthu a ku Redcliff n'kuvina. Kenako m'boma momwemo munabuka mkangano pa miyala ya chitsulo ya ku Mwanesi, ena akuti taipereka motchipa, mtengo wake ndi waukulu kuposa panganolo. Anakokanakokana mpaka Essar inachoka mu 2015, ndipo mu 2018 Nyumba ya Malamulo inadutsitsa lamulo loti boma lisenze ngongole za Zisco, kutanthauza inu ndi ine. Gwero la mkangano umenewo linali kusadziwa bwino chimene chili pansi pa nthaka tisanakhale pa tebulo. Amene ali ndi mapu ndi zotsatira za kuboola ndiye amatchula mtengo. Lero kudera lomwelo, ku Manhize kufupi ndi Mvuma, kampani ya Dinson ya gulu la Tsingshan la ku China inayamba kusungunula chitsulo mu 2024.

Za lithiyamu n'chimodzimodzi. Anthu atathamangira ku Sandawana ku Mberengwa, kumene kale kunkadziwika ndi miyala yobiriwira ya emarodi, boma linaletsa kutumiza kunja mwala wosakonza mu December 2022. Linachita zimenezi ndi lamulo laling'ono losainidwa ndi nduna. Malamulo otere amapita ku komiti ya aphungu yoona ngati sakusemphana ndi malamulo aakulu, koma komiti imeneyo ntchito yake si kufunsa za nzeru ya ndondomekoyo. Kufunsa kuti fakitale ikamangidwa, ana athu a ku MSU kapena a ku School of Mines ku Bulawayo adzaloledwa kulowa m'chipinda chimene muli luso lenileni, kapena adzangonyamula matumba, imeneyo ndi ntchito ya komiti ya zamigodi ndi komiti ya maphunziro apamwamba ndi sayansi. Ku Unki ku Shurugwi kuli ng'anjo yosungunulira pulatinamu, koma kuyenga komaliza kumakachitikira ku South Africa. Mawu akuti tidzakuphunzitsani luso akapanda kulembedwa ndi chiwerengero cha anthu ndi chaka chake, palibe amene angadzawalondole.

WOULUTSA: Nthawi ikutithera. Mayi amene akutimvera ku Amaveni, amene mwina chitupa cha bambo ake chinali cholembedwa kuti mlendo, angachitepo chiyani?

APHUNZITSI: Choyamba adziwe kuti malamulo a 2013, gawo 43, amati munthu wobadwira m'dziko muno malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala konkuno pa nthawi imeneyo, ndi nzika mwa kubadwa. Gawo 6 limatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo choyamba pamndandandawo ndi Chichewa. Gawo 141 limalamula Nyumba ya Malamulo kuti izimva maganizo a anthu pa ntchito zake ndi za makomiti ake, n'chifukwa chake mumaona aphungu akubwera ku maholo a ku Kwekwe, Gweru ndi Zvishavane pakakhala bilu, ndiponso bajeti isanaperekedwe kumapeto kwa chaka. Ndipo gawo 149 limapatsa nzika iliyonse, ngakhale mlendo wokhazikika, ufulu wolembera Nyumbayo kuipempha kuti iunike nkhani. Kalatayo imapita kwa Kalaliki wa Nyumba ya Malamulo, ikalandiridwa imatumizidwa ku komiti yoyenera. Gulu la amayi osefa golide likhoza kulemba kufunsa kuti ndondomeko ya mekyule yafika pati m'boma lawo. Ana a amene anagwira ntchito ku Shabanie akhoza kupempha kuti pakhale kaundula wa ogwira ntchito akale ndi kuwayeza m'chifuwa.

Kumsonkhano kuja nthawi yolankhula imakhala yochepa, ndiye pitani ndi funso limodzi lolunjika, mulilembenso papepala n'kusiyira mlembi wa komiti. Mukatero mukafunse phungu wanu tsiku limene lipoti lidzawerengedwe m'Nyumba, chifukwa zonse zolankhulidwa mmenemo zimalembedwa mu Hansard, ndipo mwana wanu akhoza kukutsegulirani pa foni.

WOULUTSA: Pali zoletsedwa kumisonkhano imeneyi?

APHUNZITSI: Zovala za chipani, mabaji, mbendera ndi yunifolomu ya usilikali. Zidziwitso za Nyumba ya Malamulo zimanena poyera kuti wovala zimenezi salowa. Ovololo ndi magambuti a kumgodi palibe wakuletsani.

WOULUTSA: Omvera athu, masiku ndi malo a misonkhano ya makomiti amalengezedwa m'nyuzipepala, pa wailesi ndi pa tsamba la Nyumba ya Malamulo la pa intaneti, ndipo ikayandikira kuno ku Midlands tidzakuuzani. Sabata yamawa tidzakamba za matenda a fumbi la m'migodi, ndi njira yopemphera chipukutamisozi ku NSSA.

(NYIMBO YOTSEKERA)